ANankhoma, ovundukula ana pabisha

ANankhoma tinawaika m'manda mwezi wa Marso, dzuwa likung'amba malata. Anagwa akusesa pabwalo pawo ku Canongola, ndipo pamene mpongozi wawo ankatuluka ndi madzi n'kuti zatha kale, tsache lidakali m'manja. Pamaliro anthu ankati apita bwino, sanavutike, nanenso ndinavomera. Tsiku limenelo ndinalira, koma sindinaope. Mantha andigwira sabata ino, pamene kamphepo ka Junyu kayamba kukwera kuchokera ku Zambezi m'mamawa, ndipo mwana wanga wachiwiri, Marita, amene sanakwanitse chaka, wayamba kutsokomola.

Sanali m'bale wanga. Dzina lawo lenileni, loti Belita, ndinalimvera pamaliro pomwepo. Kwawo kunali ku Tsangano, kumapiri a kumalire. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo mtendere utabwera sanabwerere kumudzi, anatsikira kuno ku Tete n'kupeza ntchito ya useriventi pachipatala chachikulu: kukolopa, kutaya ndowa, kusintha nsalu za pamakama a ana. Anakalambira pantchito imeneyo. Atawapumitsa, anthu ankayesa kuti azikhala kunyumba n'kumadyetsa abakha awo. Miyezi yotentha ankakhaladi. Koma chisanu chikangoyamba, ankakwera shapa, minibasi ya kuno, kubwera kudzakhala pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi mabenchi a amayi a ana, pachidebe chakale cha utoto chimene ankachisungitsa kwa mayi wina wogulitsa nthochi. Palibe anawatuma, palibenso ankawapatsa kanthu. Ambiri ankalakalaka atachoka.

Amene sanakhaleko ku Tete amaseka tikamati kuno kumazizira. ANankhoma nawonso ankaseka. Ankati chisanu sitinachione ife, tikafike kwawo kumene madzi a m'ndowa amaluma mano. Iwo ankayenda mikono ili pamtunda, ife titavala majuzi awiriawiri. Koma thupi lozolowera ng'anjo, kamphepo kochepa kamalilowa. Timatseka mazenera, timalowetsa mbaula m'nyumba, fumbi nalo lili mbuu, basi chifuwa chayamba nyumba ndi nyumba. Onjezani odwala otumizidwa kuchokera kumapiri kuja kumene chisanu n'chenicheni. Julyu akamafika chipinda cha ana chimakhala chitadzaza, kama mmodzi ana awiri, mutu uku wina uku, amayi awo atakhala pansi m'khonde, miyendo atapinda kuti anamwino apeze podutsa.

Ndifotokoze mmene bisha, mzere wa odikira, inkayendera masiku amenewo, chifukwa nkhondo zonse za aNankhoma zinali pamenepo. Mayi aliyense akafika ankaika karitawu, khadi la kuchipatala la mwana wake, pamulu, kumapeto kwa benchi loyamba, n'kutsindira ndi mwala kuti mphepo isaulutse. Chitseko chikatsegulidwa, wolemba ankatembenuza muluwo n'kumaitana mayina, wofika poyamba kulowa poyamba. Mulu umenewo tinkaulemekeza kuposa lamulo lililonse. Munthu wadzuka tambala woyamba, wayenda kuchokera kutali, mwana ali kumsana. Ukhudze karitawu yake uone. Ndinaonapo amayi awiri opemphera mpingo umodzi akukokana mipango chifukwa cha mulu umenewo.

Ndiye aNankhoma ankaukhudza tsiku ndi tsiku.

Ankadzuka pachidebe chawo n'kumayenda pakati pa mabenchi pang'onopang'ono, mutu utapendekeka ngati nkhuku yomvera kabawi. Mwana amene akulira mokweza sankamuyang'ana n'komwe. Ankati ameneyo ali ndi mpweya woti awononge, adikire. Ankaima pa phukusi lachete. Ife amayi a kuno, mwana akadwala chifuwa timamukuta: chipewa, juzi, bulangeti, makapulana awiri, ndiwo zitenje, mpaka pamsana pamangooneka mtolo. Tinakula tikumva kuti mphepo ikalowa m'chifuwa ndiye chibayo, ndiponso kuti mwana wodwala akagona ndiye kuti akuchira. ANankhoma zonsezi ankadana nazo. Ankafunsa funso limodzi lokha, loti wayamwa liti. Yankho likapanda kuwasangalatsa ankati masula. Ankakweza malaya a mwana n'kuyang'ana pansi pa nthiti. Akaona kuti pakulowa m'kati mwana akamapuma, kapena timphuno tikutseguka n'kutsekeka, ankapita pamulu, kuchotsa mwala, kusolola karitawu ija n'kuiika poyambirira, anthu onse akuona.

M'manja mwawo munkakhala kabotolo ka madzi otentha kovekedwa sokosi yakale. Ine ndinkayesa kuti ndi nyamakazi. Ndinadzamva pambuyo pake, kwa mayi wa nthochi uja, kuti ankafunditsa manja kuti dzanja lozizira lisadzidzimutse mwana. Pakamwa pokhapo ndiye sankafunditsa ayi.

Ankawatchula kuti dotolo wa chikolopa. Ena ankanena mobisa, ena pamaso. Tsiku lina bambo wina wovala ovolosi ya kumigodi ya ku Moatize anawatchingira njira, mkazi wake atakhala pabenchi ndi mwana.

"Inu amayi, ndinu ndani pano? Tationetsani pepala lanu."

"Pepala langa ndi msana wopindikawu, bambo. Uzani mkazi wanu amasule kapulana."

"Mwana wanga sagwidwa ndi munthu wosadziwika."

"Nanga amene amadzamukulunga akafa mumamudziwa? Ndinali ine. Ndipatseni njira."

Bambo uja anakweza dzanja, ndipo tonse tinagwira pakamwa. ANankhoma sanasunthe. Mkazi ndi amene anamasula yekha mfundo, maso ali pansi. Mwanayo analowa poyamba tsiku limenelo. Bamboyo sanathokoze, ndipo iwo sanadikire kuthokozedwa, anali atafika kale pabenchi lina.

Mawu aja akuti mwana wosalira amafera mumbereko, anthu amawanena akafuna kulimbikitsa mnzawo kuti apemphe thandizo. ANankhoma ankakwiya akamva wina akuwanena moseka. Ankati si mwambi umenewo. Ankati zaka zonse zimene anakolopa m'chipinda cha ana, iwo ndi amene ankaitanidwa ndi nsalu yoyera, ndipo anayamba kuzindikira kuti ambiri amene ankawakulunga anali oti afika mochedwa m'manja mwa dotolo, osati chifukwa chokhala kutali, koma chifukwa chokhala phee pabenchi lakumbuyo, mayi waulemu akudikira dzina lake. Ankati ulemu wadzaza manda a ana kuposa ufiti. Ankanenanso kuti dotolo amaona mwana amene wamuikira patebulo, koma seriventi amaona onse, chifukwa chikolopa chimalowa pansi pa benchi lililonse.

Musaganize kuti sankalakwitsa. Ankalakwitsa, kambirimbiri. Ankavundukula mwana wonenepa amene wangokhuta bere, mwana n'kudzuka ndi mfuu, mayi wake n'kuwasambitsa chipongwe m'Chinyungwe ndi m'Chipwitikizi momwe. Iwo ankangotsina fodya wawo wa m'mphuno n'kunena kuti kutukwanidwa sikuphetsa. Koma chaka china anaphonya mmodzi. Mayi wake anali atakhala kuseri kwa khoma, pothawa mphepo, kumene iwo sanafikeko. Pamene dzina linkaitanidwa masana, mayiyo anadzuka, kumasula bwinobwino, ndipo kulira kumene kunamveka pamenepo sindifuna kukukumbukira. ANankhoma anasowa sabata yathunthu. Atabwera, ankayamba ndi kuseri kwa khoma kuja asanakhale n'komwe pansi, ndipo pakamwa panawonjezera ukali.

Chaka chatha, chisanu chisanayambe, boma linabwera ndi pulanu yochepetsera kudzazana m'chipatala. Sekeretariyu, mkulu wa bairu kapena kuti dera lathu la Chimadzi, anatiitanitsa msonkhano, ndipo kunabwera mnyamata wa zaumoyo, waulemu ndithu, mapepala ali m'manja. Anafotokoza kuti chifuwa chaching'ono tiziyamba nacho kuchipatala chaching'ono cha m'bairu, ndipo kuchachikulu tizipita tikapatsidwa kapepala kotumizira, kamene timati giya. Anati aimika chihema chachikulu ndi makama owonjezera. Mulu wa makaritawu utha. M'malo mwake pachipata pazikhala namwino wosankha ana, wodwalitsitsa kumumanga kachingwe kofiira pamkono kuti alowe msanga, wapakati kachikasu, wopepuka kobiriwira. Pomaliza anati, pofuna kuchepetsa chipwirikiti, mwana aliyense azilowa ndi munthu mmodzi, ndipo wopanda wodwala asalowe m'kati mwa mpanda.

Tinaomba m'manja. Kenako kumbuyo kunamveka kutsokomola kodziwika kwa aNankhoma. Mnyamata uja nkhope inagwa.

"Vovo, agogo inu, mwabweranso kuno? Si inu munali ku Canongola Lolemba?"

"Ndi kubairu ya Francisco Manyanga komwe ndinali. Simunandiyankhe, ndiye ndikutsatani."

Anthu anaseka. ANankhoma anaimirira, atatsamira phewa la munthu amene sanamupemphe n'komwe. Anati chihema n'chabwino, tizingwe n'tabwino, ndipo mulu wa makaritawu uthedi, iwo atopa nawo. Koma namwino mmodzi ameneyo, bisha itafika kumsewu, aona bwanji nthiti za mwana amene ali m'kati mwa makapulana atatu, kumbuyo kwenikweni? Mnyamatayo anati namwino azifunsa amayi mmene mwana alili.

"Aziwafunsa? Amayi ake ati? Awawa?" Anazunguza chala pa ife tonse, chala n'kudzaima pa ine. "Mufunseni uyu. Iwe make Izaki, dzuka. Uwauze zimene unandiyankha."

Ndinadzuka, ndili ndi pakati pa Marita. Ndinali ndisanalankhulepo pamsonkhano chibadwire. Ndinangoti, "Ndinati wagona." Ndipo ndinakhala pansi. Zimene ndinalephera kufotokoza tsiku limenelo ndi izi.

Zinachitika zaka ziwiri msonkhanowo usanachitike. Izaki, mwana wanga woyamba, anali ndi miyezi isanu. Bambo ake anali paulendo ndi lole. Mwana anatsokomola masiku anayi, akulira osalekeza, ndipo tsiku lachisanu analeka kulira. Ine ndinakondwa. Apongozi anga anati ndipite nayebe kuchipatala, koma ndimukute bwino, mphepo isamupeze. Ndinamukuta monga tonse timachitira. Ndinafika dzuwa litatuluka kale, mabenchi atadzaza, ndipo karitawu yanga inakakhala kutali pamulu. Ndinakhala pansi. Ine kudikira ndimatha. Pampopi, kuchigayo, kulikonse, sindinadumphepo munthu. Amayi anga anatilera kuti mkazi sakankhana, nthawi yako ikwana. Pambali panga panali mwana amene ankalira mpaka kuuma, ndipo ndinamvera chisoni mayi wake, ndikuthokoza Mulungu mumtima kuti wanga wapeza tulo. Kumsana ndinkamva kakubuula kakang'ono, hii, hii, ndipo ndinkati ndi nkonono.

Ndinangoona mapazi ong'aluka ataima patsogolo panga.

"Wayamwa liti?"

"Dzulo madzulo, amayi. Anangogwira n'kusiya."

"Lero?"

"Wagona."

"Masula."

"Kukuzizira, amayi. Ali ndi chifuwa."

"Ndati masula, mtsikana iwe."

Ndinakana. Ndinagwira mfundo ya kapulana pachifuwa panga ndi manja onse awiri. Ndinali nditamva kale za dotolo wa chikolopa, ndipo ndinkaopa mphepo, ndinkaopanso zimene apongozi akanene. Iwo anaika kabotolo kawo pabenchi, anachotsa zala zanga chimodzichimodzi ngati akusenda nthochi, n'kukoka mfundo. Izaki anatsetserekera m'manja mwawo, mutu uli lende. Anachotsa bulangeti, anakweza juzi. Ndinaona ndi maso angawa. Mwana akamakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa dzenje loti mukhoza kuikamo dzira. Milomo inali itatuwa ngati phulusa. Maso anali otseguka pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Sanali mtulo ayi.

"Dzina?"

Dzina la mwana wanga linandithawa. Ndinangoyasama. ANankhoma anathamangira pamulu, anachotsa mwala kuti afufuze okha, ndipo mphepo inanyamula makaritawu onse kuwamwaza pabwalo. Bisha yonse ya m'mawa umenewo inathera pomwepo. Amayi anadzuka ndi mkuwo, ena akuthamangitsa makaritawu, ena akutukwana, mlonda akubwera ndi ndodo yake. Chitseko chinali chotseka, m'kati anamwino ali ndi ana ena. Mawu a aNankhoma anali atawazolowera m'katimo, ankamveka tsiku lililonse, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anabwerera kwa ine, anandiponyera mwana m'manja ali wosavala choncho, anandikankhira pachitseko.

"Kuwa."

"Amayi..."

"Kuwa, iwe! Mwana wako akufa!"

Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Ndinagogoda chitseko ndi chala chimodzi, ngati mlendo wodzapempha moto. Pamenepo ndi pamene anandigwira mnofu wa kuseri kwa mkono, apa pofewa, n'kuupotokola ndi zikhadabo zawo zonse. Ululu wake unandifika m'mutu. Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, ndipo nditayamba sindinathenso kuleka. Chitseko chinatseguka. Namwino amene anatuluka anayang'ana Izaki kamodzi kokha, anandilanda, n'kuthamanga naye.

Tinakhala masiku asanu ndi limodzi. Izaki anali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno, atagona kama mmodzi ndi kamtsikana kochokera ku Tsangano, mapazi awo akugundana. Ine ndi mayi wake tinkakhala pansi, uyu mbali iyi, uyu mbali iyo, tikugawana madzi akumwa. Tsiku lachitatu kamtsikanako kanatisiya. Kunabwera seriventi wachitsikana ndi nsalu yoyera, ndipo dzuwa lisanapendeke pamalo paja anali atagonekapo mwana wina. Anamwino ankathamanga mpaka nsapato kuvuka, sindingawanene choipa. Koma ana anali ambiri kuposa manja. Ndinkayang'ana chifuwa cha Izaki osaphethira, ndikuopa kuti ndikangotembenuka chiima. Mmodzi wa anamwinowo anandifunsa kuti ndinali pati pabisha. Nditamuuza, anangopukusa mutu.

Titatuluka ndinapita kwa aNankhoma ndi paketi ya shuga. Ndinagwada pafupi ndi chidebe chawo, ndinayamba mawu othokoza amene ndinawakonza njira yonse. Anandidula.

"Tandionetsa mkono."

Panali pakuda bii, potupa, zikhadabo zinayi zikuoneka.

"Ehe. Pasapole msanga. Ine sindidzakhalapo masiku onse kuti ndizikutsina."

Shuga anatenga. Kuchokera tsiku limenelo ankanditchula make Izaki, ndipo tikakumana, moni wawo unali wofunsa ngati ndaphunzira kukuwa.

Ndibwerere kumsonkhano kuja. Mnyamata wa zaumoyo analemba kanthu papepala lake. Sindidziwa chimene analemba, koma chisanu chitayamba, mlonda wa pachipata ankafuula m'mawa kuti amayi amasule ana namwino awaone pachifuwa. Ena ankamasula, ambiri ankangosuntha chipewa pang'ono n'kubwezeretsa. Lamulo loletsa opanda odwala nalo linagwira ntchito, ndipo woyamba kubwezedwa anali aNankhoma. Akuti mlondayo, mwana amene anamuona akuyamba ntchito, anawapepesa maso ali kumbali. Iwo anamutukwana pang'ono, mwa mwambo chabe, kenako ananyamula chidebe chawo kukachiika kunja kwa mpanda, pambali pa mayi wa nthochi, pamene mashapa amatsitsira anthu. Anati kumeneko n'kwabwino koposa, chifukwa mchira wa bisha umathera komweko, ndipo namwino akayamba kumutu iwo aziyamba kumchira, akumana pakati. Chisanu chonse chatha anagwira ntchito pamenepo, pafumbi, akutsokomola utsi wa magalimoto. Akapeza mwana woipa ankamugwira mayi wake pamkono n'kumukokera kutsogolo, akukuwa kuti chofiira, chofiira. Namwino wa tizingwe poyamba ankanyansidwa. Pofika Julyu ankangomva mawuwo n'kuyamba kumasula kachingwe.

Pamaliro namwino ameneyo analipo, atakhala kumbuyo, atavala kapulana ngati ife tonse.

Dzulo ndinapita ndi Marita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anamumvera m'chifuwa, anandipatsa giya. Lero m'mawa ndinafika kuchachikulu cha m'ma sete ora, seveni koloko. Pulanu ija ikuyenda chaka chinonso. Chihema chaimikidwa, choyera, chachikulu kuposa chaka chatha. Namwino wa tizingwe anali pachipata, akuwerama, akudzuka, akuwerama. Koma bisha inali itatuluka pachipata, yatsata mpanda wonse mpaka poima mashapa, ndipo ine ndinali kumchira. Kuchokera pamenepo namwinoyo ankaoneka kachinthu koyera kakang'ono.

Marita ndinamutsitsa kumsana, ndinamunyamula kutsogolo, juzi nditakweza, dzanja langa lili pa nthiti zake. Amayi ena ankandiyang'ana ngati wamisala, wina mpaka anati ndimupha mwana ndi mphepo. Marita ankalira, ndipo kulira kulikonse ndinkakulandira ngati mphatso.

Patsogolo panga panali mtsikana wamng'ono kwa ine, atabereka mtolo wa bulangeti lofiirira, kachipewa kokha kakuoneka. Chitsikire shapa, mtolowo sunagwedezeke. Ndinayang'ana bulangeti kuti ndione ngati likukwera n'kutsika, koma linali lochindikala. Ndinadziuza kuti si nkhani yanga. Ndinadziuza kuti namwino afika. Bisha inasuntha mapazi awiri n'kuimanso. Ndinangozindikira kuti dzanja langa lamanja ndalilowetsa m'khwapa, ndikulifunditsa.

"Pepani, amayi. Mwanayu wayamwa liti?"

Sanamve. Mawu anga anali aja a chala chimodzi pachitseko. Ndinadzitsina ndekha kuseri kwa mkono.

"Amayi! Wayamwa liti mwanayu?"

Anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Wagona."

"Masulani."

"Ndinu ndani inu?"

Ndinalibe yankho la aNankhoma, msana wanga sunapindike. Ndinangokweza bulangeti ndi dzanja limodzi. Mwanayo anali wonenepa, wotentha bwino, mkaka uli pamlomo. Anatsegula maso n'kuyamba kukuwa ngati ndamuwotcha. Mayi wake anandimenya dzanja, ananditukwana ine ndi amene anandibala, ndipo mayi wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti dotolo wa chikolopa wasiya mbewu. Ndinapepesa. Ndinatsamira mpanda, nditakumbatira Marita.

Marita anamumanga kachikasu. Anamuona masana, anatipatsa mankhwala, anati ndibwere naye msanga kapumidwe kakasintha. Chibwerere kunyumba ndakweza juzi yake kosawerengeka.

Potuluka ndinadutsa kwa mayi wa nthochi. Bisha inali isanathe, ena anali akutsikabe m'mashapa ochokera kumapiri, milomo itang'aluka ndi chisanu cha kwawo. Chidebe cha aNankhoma chilipo. Mayiyo amachitulutsabe m'mawa uliwonse pamodzi ndi dengu lake, akuti manja anazolowera, ndipo amachivundikira pamalo pake pomwe paja, pafupi ndi mzati wa mpanda. Saikapo nthochi, salolanso munthu kukhalapo. Pamwamba pake, pamene panali posalala ndi kukhalidwa, payamba kugwira fumbi. Atandiona anachikankha pang'ono ndi phazi kulozetsa kwa ine. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndili ndi ana awiri, wina akudwala, ndipo ndimaopa anthu.

Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikudikira shapa ya ku Chimadzi. Amayi ankadutsa pambali pa chidebecho mmodzimmodzi, mitolo ili kumsana, yomangidwa bwino, mfundo zolimba, kupita kukaima mwaulemu kumchira kwa bisha. Palibe anawaimitsa. Panali phokoso lalikulu, mahutala, ogulitsa, ana olira mbali zonse. Koma makutu anga anawonongeka, aNankhoma anawawononga. M'phokoso lonselo ine ndinkangomva amene sakulira.